Chiuno kapena bondo loikirira limadyeka mwakachetechete: dziwani chimene adakuikani

Mu Okutobala 2024, kampani ya ku America yotchedwa Exactech, yomwe inkapanga ziuno, mawondo ndi mapewa oikirira, idapita kukhoti kukanena kuti yalemedwa ndi ngongole ndipo ikupempha chitetezo cha malamulo. Pa nthawiyo n'kuti anthu oposa 2,000 ataisumira. Odwalawo amati zipangizo zomwe madokotala adawaika m'thupi zidatha nthawi isadakwane, ena mpaka kubwereranso ku opaleshoni patangopita zaka zowerengeka. Gwero la mlanduwo lidali kachidutswa ka pulasitiki kamene kamakhala pakati pa zitsulo, komanso thumba limene kampaniyo inkasungamo pulasitikiyo asadafike kuchipatala.

Mwina mukuti imeneyo ndi nkhani ya kutali. Koma opaleshoni yoika chiuno kapena bondo ikuchitika kuno kwathu, ndipo Amalawi ena amakachitidwa ku India ndi ku South Africa. Ngati muli ndi kholo limene lidachitidwa opaleshoni yotereyi, ngati mukulera mwana wodwala sickle cell, kapena ngati ndinu wodzipereka woyendera odwala m'mudzi, mfundo imene muyenera kuigwira ndi iyi: pulasitiki wa m'mfundo yoikirira amadyeka tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri popanda ululu, ndipo amene amathandizika msanga ndi wodwala amene akudziwa chimene adamuika komanso amene amabwerera kukapimitsa.

Chimene amaika m'thupi

Pamene fupa la ntchafu limakumana ndi chiuno pali ngati munsi ndi mtondo. Mutu wa fupa la ntchafu ndi wobulungira ndipo umazungulira m'kadzenje ka fupa la chiuno. Mbali zonse ziwiri zidakutidwa ndi chicherewecherewe, kanthu koyera koterera kaja mumakaona kumapeto kwa fupa la nkhuku. Chimenechi chikatha chifukwa cha nyamakazi, ngozi kapena kufa kwa mutu wa fupa, mafupa amayamba kukhulana okhaokha. Ululu wake umalepheretsa munthu kuyenda, kugona ngakhale kuvala nsapato.

Pa opaleshoni dokotala amadula mutu wowonongekawo n'kulowetsa chitsulo chachitali m'kati mwa fupa la ntchafu. Pamwamba pa chitsulocho amaikapo kampira kachitsulo kapena ka ceramic, lomwe ndi dongo lapadera lowotcha mpaka kulimba kwambiri. Kuchiuno amaikako kambale komwe kampirako kazizunguliramo, ndipo m'kati mwa kambaleko ndi mwa pulasitiki. Pa bondo n'chimodzimodzi: chitsulo kumapeto kwa fupa la ntchafu, chitsulo china pamwamba pa fupa la msongolo, pakati pake kathabwa ka pulasitiki.

Pulasitikiyu dzina lake ndi polyethylene, wa mtundu umodzi ndi amene amapangira majumbo ndi zigubu. Kusiyana kwake kuli m'kapangidwe. Pulasitiki aliyense amapangidwa ndi timaunyolo tosaoneka ndi maso. Mu jumbo timaunyoloti ndi tatifupi, pomwe mwa wa kuchipatalayu ndi tatitali kwambiri ndipo tidapotana ngati ulusi wosokonekera, n'chifukwa chake amaterera bwino komanso sang'ambika wamba.

Ntchito imene amagwira si yamasewera. Munthu akamayenda, mfundo ya m'chiuno imasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kawiri, nthawi zina kufika katatu. Pa chaka mwendo umodzi umaponda pansi ka 1 miliyoni kapena 2 miliyoni. Chicherewecherewe ndi chamoyo ndipo thupi limachisamalira. Pulasitiki alibe moyo, kachidutswa kakachoka kachoka basi.

Phunziro la John Charnley

Amene adakhazikitsa opaleshoni ya chiuno monga tikuidziwira lero ndi dokotala wa ku England, John Charnley, yemwe ankagwira ntchito pa chipatala cha Wrightington. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 iye adasankha pulasitiki wotchedwa Teflon, yemwe amamatidwanso m'mapoto kuti chakudya chisakakamire, poona kuti ndi woterera koposa. Odwala pafupifupi 300 adaikidwa. Miyezi yoyamba zinthu zidali bwino, anthu amene ankalephera kuyenda adayamba kuyenda. Koma pasadathe zaka zambiri Teflon uja adadyeka, zinyenyeswa zake zidatupitsa minofu ndi kuwononga fupa, ndipo Charnley adakhala nthawi yaitali akuchotsa zimene adaika yekha.

Mu 1962 wamalonda wina adabweretsa pachipatalapo pulasitiki wochokera ku Germany yemwe ankagwiritsidwa ntchito m'makina oombera nsalu. Charnley sadamukhulupirire, koma mmisiri wake, Harry Craven, adamuyesa pa makina ndipo adapeza kuti akudyeka pang'ono kwambiri poyerekeza ndi Teflon. Pofuna kudziwa mmene thupi lingalandirire zinyenyeswa, Charnley adadziika tizidutswa ta mapulasitiki awiriwo m'ntchafu mwake. Mu Novembala 1962 adaika polyethylene mwa wodwala woyamba, ndipo mpaka lero pulasitiki ameneyu ndiye akugwiritsidwa ntchito m'ziuno ndi m'mawondo ambiri padziko lapansi.

Charnley adachitanso chinthu china chomwe chikukhudza nkhani yathu. Ankalemba ndi kutsatira odwala ake kwa zaka zambiri, ndipo ena adawapempha kuti akadzamwalira alole chiuno chawo chichotsedwe kuti chiunikidwe. Adaona ndi maso ake kuti chipangizo chikhoza kuoneka chabwino chaka choyamba koma n'kukhala chikuwononga m'kati.

Mmene fumbi la pulasitiki limadyera fupa

Polyethylene wa mtundu wakale ankadyeka mamilimita 0.1 mpaka 0.2 pa chaka. Mamilimita 0.1 ndi kuchindikala kwa pepala limodzi la m'kope. Mukamva choncho mukhoza kuganiza kuti kambale kangakhale zaka 50 kasadabooke, ndipo n'zoona kuti kawirikawiri sikabooka. Vuto lili pa kumene zodyekazo zimapita.

Pulasitiki akamakhulana ndi kampira amatulutsa fumbi, tizidutswa mabiliyoni pa chaka, tambiri tochepa kuposa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kukula kwake n'kofanana ndi kwa tizilombo ta bakiteriya. Asilikali a m'thupi akakumana nato amatimeza monga amachitira ndi tizilombo toyambitsa matenda. Koma kachilombo kamafa ndi kusungunuka, pomwe pulasitiki sasungunuka. Asilikaliwo amangoitana anzawo, akutulutsa timadzi totupitsa malowo.

Fupa la munthu lili ndi maselo a mitundu iwiri amene amagwira ntchito moyo wonse: ena amagumula fupa lakale, ena amamanga latsopano. Timadzi tija timapatsa mphamvu ogumula kuposa omanga. Pang'onopang'ono fupa lozungulira chitsulo limayamba kukhala ndi mphako, monga chiswe chimadyera nsichi m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Pamapeto pake chitsulo chimagwedera, kapena fupa limathyoka pa kugwa kwakung'ono.

Kwa nthawi ndithu madokotala ankaganiza kuti wolakwa ndi simenti ya kuchipatala yomwe amamatira chitsulo ku fupa. Atayamba kuika zitsulo zopanda simenti, mphako zija zidapitirira kuoneka, ndipo m'pamene zidadziwika kuti gwero lalikulu ndi fumbi la pulasitiki. Kafukufuku adaonetsanso kuti kudyeka kukakhala kochepera mamilimita 0.1 pa chaka, kuwonongeka kwa fupa kumakhala kosowa.

Pali zinthu zimene zimafulumizitsa kudyekaku: kuyenda ndi kugwira ntchito yolemetsa kwambiri, kunenepa, kambale kokhala mopendekeka, komanso kanyenyeswa ka simenti kapena fupa kakalowa pakati n'kukanda kampira. Kampira kokandika kamakhula pulasitiki ngati sandipepala. Pa bondo vuto limakhalanso lina, chifukwa kulemera konse kumagwera pa malo ochepa. Pulasitiki akafooka amasendeka m'magawomagawo kapena kung'aluka kumene.

Mdani wachiwiri ndi mpweya

Mudaonapo beseni la pulasitiki limene lakhalitsa padzuwa, mmene limatuwira n'kuyamba kusweka ngati chikho. Chimachitika n'chakuti kuwala kwa dzuwa kumadula timaunyolo tija, ndipo mpweya wa okosijeni umagwira podukapo n'kupitiriza kudula. Pulasitiki wa kuchipatala naye amakalamba mwa njira yomweyi, kungoti choyambitsa si dzuwa.

Chipangizo chilichonse cholowa m'thupi chimayenera kuphedwa tizilombo. Kwa zaka zambiri makampani ankachita izi poomba pulasitiki ndi cheza champhamvu chotchedwa gamma, ali m'paketi yokhala ndi mpweya wamba. Tizilombo tinkafadi, koma chezacho chinkasiya malo oduka pa timaunyolo, okhala ngati mabala osapola. Paketi ikakhala pa shelefu zaka zingapo, okosijeni ankalowa m'mabalawo. Akatswiri atadula zipangizo zochotsedwa mwa odwala ankapeza mzere woyera wofumbutuka pansi pang'ono pa khungu la pulasitiki. Apa mfundo n'njakuti pulasitiki amatha kuyamba kuwonongeka wodwala asadagonekedwe n'komwe m'chipatala.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990 makampani akuluakulu adasiya njira imeneyi. Ena adayamba kutsekera pulasitiki m'matumba ochotsedwa mpweya, ena kupha tizilombo ndi gasi. Kuyambira cha m'ma 1998 kudabwera pulasitiki wamakono yemwe amamuomba dala ndi cheza chambiri kuti timaunyolo tilumikizane ngati ukonde, kenaka n'kumutenthetsa kuti mabala aja atsekeke. Cha m'ma 2007 ena adayamba kuthiramo vitamini E, yemwe amagwira malo odukawo okosijeni asadafikepo. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake: pulasitiki wolumikizana kwambiri sadyeka msanga, koma amachepa mphamvu yopirira kung'aluka, choncho safunika kukhala wopyapyala kwambiri.

Phindu lake lidaoneka m'ziwerengero. Kaundula wa dziko la Australia adaonetsa kuti patatha zaka 16, ziuno pafupifupi 12 mwa 100 zilizonse za pulasitiki wakale zidali zitachitidwanso opaleshoni, pomwe za pulasitiki wamakono zidali pafupifupi 6 mwa 100.

Chidalakwika n'chiyani ku Exactech

Mukamvetsa za mpweyazi, nkhani ya Exactech siivutanso. Kampaniyi, yomwe likulu lake lidali ku Gainesville m'chigawo cha Florida, idayamba kuitanitsa zipangizo zake zina kuti zibwezedwe mu 2021. Mu Febuluwale 2022 idauza madokotala kuti mapulasitiki ake a bondo ndi akakolo pafupifupi 80 mwa 100 alionse opangidwa kuyambira 2004 adasungidwa m'matumba osakwanira muyezo. Matumbawo adali ochotsedwa mpweya ndithu, koma adalibe chikuto chachiwiri chomwe chimatchinga okosijeni kuti asalowe. Ku America kokha mapulasitiki oposa 140,000 a mtunduwo adali ataikidwa kale m'matupi a anthu. Pambuyo pake vuto la matumbali lidapezekanso pa zipangizo zina za chiuno ndi za phewa.

Taganizirani kutalika kwa nthawiyo, kuchoka 2004 kufika 2021. Dokotala wochita opaleshoni sakadatha kuona vutolo ndi maso, chifukwa pulasitiki wolowedwa mpweya amaoneka ngati wabwino. Wodwala naye sakadamva kanthu zaka zoyamba. Chizindikiro chidaonekera m'makaundula. Ku Australia, ku New Zealand ndi ku United Kingdom, komwe opaleshoni zotere zimalembedwa pamodzi ndi mtundu wa chipangizo, ziwerengero zinkaonetsa kuti mawondo a kampaniyi otchedwa Optetrak ankabwerera ku opaleshoni kawirikawiri kuposa a makampani ena.

Mu Malichi 2023 bungwe la boma la America loona za chakudya ndi mankhwala, FDA, lidachenjeza odwala ndi madokotala. Malangizo ake ndi oyenera kuwamvetsa bwino. Silidanene kuti aliyense amene ali ndi chipangizochi akachotsedwe. Lidati ngati chikugwira bwino ntchito ndipo palibe ululu chisiyidwe, koma wodwala aziunikidwa, ndipo akaona kutupa, ululu watsopano, kugwedera kapena phokoso apite kwa dokotala. Malangizo oterewa amathandiza munthu amene akudziwa kuti chili m'thupi mwake ndi cha kampani iti. Amene sakudziwa, uthengawo umangomudutsa.

Chifukwa chake ikutikhudza kuno

Choyamba ndi msinkhu. Malawi adakhazikitsa kaundula wa ziuno ndi mawondo oikirira mu 2005, ndipo opaleshoni zambiri zoyambirira zidachitikira pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Lipoti loyamba la kaundulayu, lomwe lidatuluka mu 2009, lidaonetsa kuti oikidwa chiuno kuno adali a zaka pafupifupi 52 tikawaphatikiza, pomwe ku United Kingdom amakhala oyandikira zaka 70. Lidaonetsanso kuti chifukwa chachikulu sichidali nyamakazi ya ukalamba koma kufa kwa mutu wa fupa la ntchafu magazi akasiya kufikako. Vuto limeneli limayenderana ndi sickle cell, kumwa mowa kwambiri, kugwiritsa ntchito mankhwala a steroid nthawi yaitali, ngozi, komanso limapezeka mwa ena amene ali ndi HIV. Kaundula yemweyu adathandiza kuonetsa kuti anthu amene ali ndi HIV amachira bwino akachitidwa opaleshoniyi.

Msinkhu ndi wofunika chifukwa wachinyamata amayenda kwambiri ndipo ali ndi zaka zambiri kutsogolo. Kafukufuku amene adatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 adapeza kuti ziuno pafupifupi 58 mwa 100 ndi mawondo 82 mwa 100 amafika zaka 25 asadasinthidwe. Kafukufuku wina wa m'magazini yomweyo mu 2017 adaonetsa kuti munthu woikidwa atapitirira zaka 70 ali ndi mwayi wa 5 mwa 100 wodzafunanso opaleshoni ina, koma kwa amuna a zaka zongopitirira 50 chiwerengerocho chimafika 35 mwa 100. Ngati mwana wanu wa sickle cell adzaikidwe chiuno ali ndi zaka 25, konzekerani kuti pa moyo wake adzafuna kuchikonzanso.

Chachiwiri ndi moyo wathu. Amene adaikidwa chiuno ku London amabwerera kunyumba ya mipando ndi chimbudzi chokhalira. Wa kwathu kuno amabwerera ku khasu, kumjigo, kumphasa ndi kuchimbudzi chonjuta. Kunjuta kwambiri kumakankhira kampira m'mphepete mwa kambale, malo amene pulasitiki amavulala msanga, ndipo m'miyezi yoyamba kukhoza kugulula mfundoyo.

Chachitatu ndi kuvuta kwa opaleshoni yachiwiri. Vuto likapezeka msanga, zitsulo zikadali zolimba, nthawi zina dokotala amangosintha pulasitiki yekha ndi kampira. Likapezeka mochedwa amayenera kuchotsa zonse, kudzaza mphako za m'fupa ndi kuika zitsulo zazikulu zapadera. Opaleshoni imeneyo ndi yaitali, imataya magazi ambiri, ndi yodula, ndipo madokotala a mafupa amene angaichite m'dziko muno ndi ochepa, ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Chachinayi ndi kusowa kwa odwala pamene akufunidwa. Mu Ogasiti 2010 kampani ya DePuy idachotsa pamsika chiuno chake chotchedwa ASR, chomwe kampira ndi kambale zonse zidali zachitsulo ndipo chinkatulutsa fumbi la chitsulo m'thupi. Padziko lonse chidali chitaikidwa mwa anthu pafupifupi 93,000. Ku India opaleshoni zotere zidali pafupifupi 4,700, koma patatha zaka zambiri odwala ochuluka adali asadapezeke kuti auzidwe, chifukwa padalibe kaundula wa dziko wowatsatira. Ngati nzika za dzikolo zidavuta kupeza, kuli bwanji mlendo amene adachitidwa opaleshoni n'kukwera ndege kubwerera kwawo?

Opaleshoni isadachitike

Safunsa adadya phula. Kufunsa dokotala si mwano, ndipo dokotala wabwino amayankha. Inu kapena woyang'anira wodwala funsani mafunso awa.

Kodi chipangizochi ndi cha kampani iti, ndipo dzina lake ndi chiyani? Kodi chagwiritsidwa ntchito zaka zingati ndipo zotsatira zake n'zotani? Chatsopano pamsika sikuti ndiye chabwino. Chimene chili ndi mbiri ya zaka 10 kapena kuposa ndicho chodalirika. Kodi pulasitiki wake ndi wamakono uja wolumikizana? Kodi tsiku lotha ntchito pa paketi silidadutse? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri pa zipangizo zobwera ngati thandizo kapena zokhalitsa m'sitolo ya chipatala, chifukwa monga taonera pulasitiki amakalambira m'paketi.

Bokosi la chipangizo chilichonse limabwera ndi timapepala tomata tolembedwa dzina la kampani, mtundu, saizi ndi nambala ya gulu limene chidapangidwira. Pemphani kuti kamodzi kamatidwe m'buku lanu la kuchipatala kapena pa kalata yotulukira. Kajambuleni pa foni n'kutumizira wachibale wodalirika, chifukwa buku limanyowa kapena kutayika. Ngati opaleshoni ikuchitikira kunja, musakwere ndege musadalandire lipoti la opaleshoni, timapepalati ndi zithunzi za X-ray, ndipo mukafika kaonekereni kwa dokotala wa mafupa wa kuno kuti akudziweni.

Ngati mudachitidwa kale ndipo mulibe pepala lililonse, lemberani chipatala chimene chidakuthandizani kuti chikuuzeni. Mukapeza kuti ndi chipangizo chimene chidachotsedwa pamsika, musachite mantha ndipo musathamangire kukachotsa. Pitani mukaunikidwe.

Opaleshoni itachitika

Musadikire ululu. Fupa likhoza kudyeka kwa zaka zingapo munthu akuyenda bwinobwino. Sungani masiku amene dokotala wakupatsani, ndipo akakutulutsani mufunseni kuti X-ray yotsatira idzakhale liti. Zaka zikamachuluka, makamaka kupitirira 10, kupimitsa kumafunika pafupipafupi.

Pulasitiki saoneka pa X-ray. Dokotala amayang'ana ngati kampira kakadali pakatikati pa kambale kapena kasunthira m'mbali, ngati mpata wa pa bondo wachepa, komanso ngati pali mithunzi yakuda m'fupa mozungulira chitsulo. Kuti adziwe zimenezi amayerekeza ndi chithunzi chakale. N'chifukwa chake chithunzi choyamba chija ndi chuma: chisungeni chosapinda, kutali ndi chinyezi ndi dzuwa.

Pitani kuchipatala mwamsanga mukaona izi: ululu watsopano m'mphechepeche, m'thako, m'ntchafu kapena pa bondo, makamaka podzuka ndi poyamba kuyenda, bondo lotupa lodzaza madzi, phokoso lachilendo logogoda kapena lokwecha, kumva ngati mwendo ukufuna kugonja, kuyamba kutsimphina, mwendo kufupika kapena kupindika. Koma pakakhala kutentha thupi, malowo kufiira ndi kutentha, kapena bala kutuluka mafinya, amenewo akhoza kukhala matenda olowa m'mfundo, ndipo ndi nkhani ya tsiku lomwelo. Pa chipatala cha boma lanu funsani kilinikala ofesa wa mafupa, ndiye amene angajambule ndi kukutumizani kwa dokotala wamkulu.

Musateme mphini kapena kubayitsa jakisoni pamalo a opaleshoni kwa munthu wosakhala wachipatala. Tizilombo tikafika pa chitsulo ndi pulasitiki timamatirira ndipo mankhwala okha amalephera kutichotsa. Mankhwala opha ululu ogula pagolosale nawo amangobisa chizindikiro pamene fupa likupitirira kudyeka.

Zonsezi sizikutanthauza kuti wodwala azingokhala. Kuyenda pang'onopang'ono, kupalasa njinga pamalo abwino ndi mafizo zimalimbitsa minofu ndi fupa. Chofunika kuchepetsa ndi kudumpha, kuthamanga, kusenza matumba olemera ndi kunjuta kwambiri. Banja likhoza kuthandiza pomanga kampando kobooka pakati pa chimbudzi, kupeza mpando wokwera bwino ndi bedi, komanso kugawana ntchito zolemetsa za kumunda.

Ntchito ya inu odzipereka

Inu amene mumayendera makomo mukhoza kuchita zimene dokotala wa mumzinda sangathe. Dziwani anthu a m'dera lanu amene ali ndi chiuno kapena bondo loikirira. Lembani chaka cha opaleshoni, chipatala, dzina la chipangizo ngati lilipo ndi tsiku la X-ray yomaliza. Mukawayendera afunseni za ululu, onani mayendedwe awo, ndipo amene adasiya kupita kukapimitsa muwakumbutse. Pa mabanja a ana a sickle cell, mwana akamadandaula m'chiuno kapena m'bondo kwa masabata angapo, kapena akayamba kutsimphina, alimbikitseni makolo kuti akajambulitse. Vuto la mutu wa fupa likapezeka msanga pali chithandizo chimene chingachedwetse opaleshoni yaikuluyi, ndipo chaka chilichonse chimene mwana wakhala ndi fupa lake ndi chaka chimene pulasitiki sadadyeke.

Akuluakulu a zaumoyo nawo ali ndi mbali yawo. Kaundula amene adayamba mu 2005 ndi chinthu chimene maiko ambiri a mu Africa alibe, ndipo amagwira ntchito pokhapokha chipatala chilichonse, cha boma kapena cha anthu wamba, chikamalemba opaleshoni iliyonse pamodzi ndi nambala ya chipangizo. Odwala otumizidwa kunja ayeneranso kulowa m'kaundulayu akabwerera. Ogula zipangizo za zipatala ayenera kuyang'ana tsiku lotha ntchito, kukana mapaketi obooka, ndi kutsatira zilengezo za makampani akachotsa katundu pamsika.

Opaleshoni yoika chiuno ndi imodzi mwa zopambana kwambiri pa ntchito ya chipatala. Anthu amene ankakwawa amabwerera kuntchito, ndipo pulasitiki wa lero ndi wolimba kuposa amene adaikidwa mwa makolo athu zaka 30 zapitazo. Amene dokotala wamulangiza kuti achitidwe asaope. Koma tsiku lotuluka m'chipatala atenge pepala losonyeza chimene chili m'thupi mwake, chithunzi choyamba cha X-ray, ndi tsiku lodzabweranso. Ngati kwanu kuli wina amene adachitidwa kale, mufunseni sabata ino ngati zinthu zitatuzi ali nazo.